Matabwa Asanu ndi Limodzi

Mwini macheka anabera mayi wamasiye Lachiwiri m'mawa, thupi la mwamuna wake lisanazizire n'komwe. Anamubera ndi dzanja la mwana wa mayi yemweyo.

Malemuyo anacheka matabwa kwa bwanayo zaka makumi awiri, kufikira tsiku limene lamba wa makina, amene ankamudandaula chaka chonse, anaduka n'kumumenya pakhosi. Mwana wachisamba atapita kukapempha bokosi, anapatsidwa mpando, tiyi ndi pepala.

"Saina apa mwanawe, bokosi lituluke," anatero mwini macheka. "Ndi za mu ofesi chabe."

Sabata itatha chiikireni maliro, mayiyo anapita nalo pepalalo kwa loya kukafunsa za chipepeso. Loya analiwerenga kawiri.

"Mayi, mlandu mukhoza kupambana. Koma apa akuti chilichonse chimene khoti lingalamule kuti abwanawo akupatseni, mwana wanu ndiye adzawabwezera."

"Ndiye ndikhala ndikusumira ndani?"

"Mwana wanu."

Mayiyo anakamupeza mwanayo pakhomo pake, akumata chubu cha njinga. Anamuponyera pepalalo m'beseni la madzi.

"Tinkagona ndi njala kuti iwe udziwe kuwerenga. Bambo ako wawagulitsa ndi matabwa asanu ndi limodzi, ena ofumbwa."

"Munkafuna ndiwakulunge m'chiguduli, amayi?"

"Chiguduli sichikanatitseka pakamwa."

Mkazi wa mwanayo anatulutsa mutu pazenera. "Apongozi, kasumeni. Akatilanda nyumba, adzukulu anuwa tidzawatula pabedi panu."

Mayiyo anabwerera kwake osatsanzika. Posesa kuchipinda, tsache linagunda chitsulo pansi pa bedi. Unali mpeni wa macheka wa kuntchito, wokulungidwa m'malaya akale pamodzi ndi tupa. Malemu ankabwera nayo mipeniyo kunyumba n'kumainola Lamlungu, popanda womutuma, popanda womulipira. Uwu anali ataunola mano onse kupatula atatu.

Mayiyo anakhala pansi, nanola atatuwo monga ankaonera. M'mawa anausenza mpeniwo kukautula kwa mwini macheka. Mwamuna wake sankasunga cha mwini.

Mwini macheka anayesa mano ndi chala chachikulu.

"Koma ankanola munthu uja," anatero, n'kuukoleka pamsomali.

Makina anali kulira. Lamba yemwe uja anali atamusoka ndi waya, ndipo pamalo pa malemu panaima bambo wina. Chipepeso sichinaperekedwe mpaka lero.