Masewera a Anthu Awiri

"Filiji itsale kwa mulamu, kompyuta nitenga ine," anatero Cephas, dzanja lili kale pa waya.

Panali patapita masiku anayi chiikireni m'manda mkulu wake Chindikani, ndipo abale anali kugawana katundu. Ennie, mkazi wa malemuyo, anali pamphasa kuyambira m'mawa. Nsapato zinapita, njinga inapita, iye osaletsa.

"Tengani filiji," anatero tsopano. "Iyo musiye."

Anthu anayang'anana. Ndani ku Kafue, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, angapereke filiji chifukwa cha kompyuta yokalamba yolira ngati chigayo?

Nkhani yake inali ya masewera a pakompyutapo. Chindikani atapuma ntchito ku fakitale ya feteleza, anasanduka kaputeni wa sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja. Munthu woti bwato la pamtsinje wa Kafue sankalikwera chifukwa cha mantha! Madzulo alionse ankayala pepala patebulo, rula ndi pensulo m'manja, n'kumasuzumira sitima ya adani pagalasi. Ankafuula kuti "Yamba!" Ennie n'kudina wotchi. Sitimayo ikadutsa mzere ankati "Imika!" Ennie n'kutchula masekondi. Apo bamboyo ankawerengera liwiro lake, kulemba mizere, n'kuponya bomba pamalo pamene sitimayo inali isanafike. Nthawi zambiri ankaphonya. Akalasa, ankagwirana chanza ngati anthu achilendo.

Ana anali atapita ku Lusaka, anzake a kuntchito ambiri atabwerera kwawo ku Chipata. M'nyumba monsemo mawu ankamveka pa tebulo limenelo basi. Tsopano Ennie ankasungulumwa mpaka kuopa kulowa kwa dzuwa.

"Manje mulamu, muzachita nayo chani?" anafunsa Cephas. "Bana banga bafuna ya kusukulu. Imwe gemu muzaseweza mweka?"

"Sinikwanisa neka, niziba. Gemu ija ni ya bantu babili. Koma ikhale chabe apo."

Given, mwana woyamba wa Ennie, anakweza mutu. "Ya bantu babili? Anakuuzani ndani, ba mami?"

"Atate ako. Umozi apima, umozi agwira wochi. Popanda wa wochi bomba siyenda."

Given anayatsa kompyuta ija. Inatenga nthawi, kenako nyanja yotuwa inaoneka. Anatsegula pa zosankha n'kuloza kabokosi kakang'ono pakona.

"Onani apa. Mukadina aka, kompyuta ipima yeka vonse, sipidi, mutunda, vonse. Iwe ungoponya chabe. Ba dadi banakazima dala. Nine n'nabaonetsa tsiku lamene n'nabaikila gemu."

"Banali kuziba?"

"Kuchokela pa tsiku loyamba."

Ennie anadzuka pang'onopang'ono, nakayang'anitsitsa kabokosi kaja. Zaka zisanu ndi chimodzi! Ndiwo zinapsererapo pambaula, misonkhano ya amayi kutchalitchi anajombapo, chifukwa bambo wina ankaima pakhomo la khitchini nkhope ili yachisoni, amvekere, "Amake Given, popanda imwe sitima izamira."

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Nikadine muone?" anafunsa Given.

"Usakagwire."

Cephas anayang'ana waya umene unali m'dzanja lake, nausiya patebulo. Za filiji sanatchulenso.

Ennie anapukuta fumbi pagalasi ndi nsonga ya chitenje chake chakuda.

"Wabodza iwe," ananong'ona.