Chifuwa cha Bambo mu Nyimbo Yachisanu

Mlongo wanga, amene anzake amamutcha Mkokomo, anafika kushopu kwanga ndi foni, akuti ndipalase makina osokera ajambule kulira kwake. Ndinamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Akuti chimbale chake cha rapu sichikhala ndi ng'oma kapena gitala, koma phokoso la anthu ali pantchito basi. Ndinapalasa, nanga ndikanatani, mwana wa mayi anga.

Miyezi itatu anazungulira kwa owotcherera, kwa ometa, mpaka kubekale kumene Bambo aphika buledi zaka makumi awiri. Ine ndinkati ndi misala. Koma chimbalecho chitatuluka ndinachita manyazi. M'mabasi chomwecho, pawailesi chomwecho, makasitomala kumagwedeza mutu ndikuwayeza m'chiuno. Nanenso ndinayamba kudzitama kuti makina a m'nyimbo yoyambayo ndi anga.

Vuto linali nyimbo yachisanu. Chitsirucho chinawajambula Bambo mobisa, ali patebulo akudandaula kuti magolovesi anatha chaka chatha, anthu akutulutsa mathireyi mu uvuni ndi zisanza, manja onse matuza okhaokha. Mawu anawasintha pakompyuta, koma chifuwa chawo anachisiya, akuti chikugwera bwino pa biti. Chifuwa cha Bambotu kubekale amachidziwa ndi alonda omwe: kawiri pang'onopang'ono, kachitatu ngati njinga yamoto yokana kulira.

Madalaivala a buledi ataiika nyimboyo pabwalo la kubekale, abwana anawaitanitsa Bambo ku ofesi Lolemba. Lamlungu lonse tinakhalira kuwaphunzitsa kukana. Otsokomola ndi ambiri, tinatero, ndipo ntchito ikatha pamsinkhu uwu ina muipeza kuti? Anangoti amva.

Lolemba masana anatulukira kushopu, epuloni atapinda m'khwapa. Ndinadziwiratu kuti ntchito yatha. Akuti anafunsidwa kamodzi kokha, iwo n'kuvomera. Ndinapsa mtima, ndinamulalatira Mkokomo, amene anali pomwepo, mpaka kasitomala anathawa osayezedwa. Iye misozi ili chuchuchu, akulumbira kuti nyimboyo aichotsa tsiku lomwelo.

Bambo anakhala pamulu wa nsalu.

"Tayamba waiika kaye. Ine sindinaimvepo."

Anaimvetsera yonse, manja ali pamawondo. Itatha anafunsa kuti aimva anthu angati. Mkokomo anati masauzande ambirimbiri.

"Chaka chonse ndimauza munthu mmodzi, osandimva," anatero Bambo. "Isiye."

Kenako anatembenukira kwa ine, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikufuna munthu wondisitira zovala.