Nkhope ya Chidyamakala

1.
Ndiye mukuti sizamoyo?
Sizamoyo, mayi.
Sizimva?
Sizimva.
Munthu akaziitana ndi dzina, sizituluka?
Ndi makadi, mayi. Ndi masamu basi.

2.
Ankafunsawo ndi Mayi Kalilangwe, mphunzitsi wopuma pantchito, wapampando wa komiti yoyang'anira holo ya mpingo wathu ku Chinamwali. Woyankhayo ndine Mzati, mwini digiri ya masamu imene ntchito yake mpaka lero ndi kubisa mng'alu wa pakhoma pabalaza pa mayi anga. Loweruka lililonse masana holoyo imakhala yathu, ine ndi achinyamata a kusekondale. Timasewera masewera amakadi ochokera kunja. Dzina lake lenileni limapindika lilime, ndiye tonse timangoti Tizilombo.

Komiti inandiitana kuti indilande makiyi a holoyo.

Ine ndinalowa nditatsimikiza chinthu chimodzi: makiyi ndituluka nawo, zivute zitani.

3.
Malamulo, kwa amene sanasewerepo:

khadi lililonse lili ndi chilombo chake, mtundu wake ndi nambala ya mphamvu zake
madzi amazimitsa moto
moto umasungunula chitsulo
chitsulo chimadula mtengo
mtengo umamwa madzi
palibe chilombo chopanda chochiopa
wopambana si amene ali ndi zilombo zamphamvu, koma amene wadziwa zimene mnzake akuganiza kuti iye akuganiza

Werenganinso mzere womalizawo. Ine ndinauwerenga ndili Fomu 2 ndipo sindinachire.

4.
Tsoka loyamba ndi lakuti eni masewerawa anapanganso katuni. Muli mnyamata watsitsi lobiriwira amene amayendayenda kugwira zilombo n'kumazisunga m'tibotolo ta m'chiuno. Sawerengera. Saganiza. Amangokuwa. Akagonja amalira, akalira chilombo chake chimadzuka n'kupambana, malamulo onse ali chiyang'anire. Ndinaonapo ndi maso angawa moto ukugonjetsa madzi, ati chifukwa cha chikondi.

Chikondi.

5.
Tsoka lachiwiri ndi lakuti katuniyo inafika kwathu kudzera pakamwa pa Sekani, amene tinkakhala naye desiki imodzi ku pulayimale. Lero ndi DJ Bwampini, womasulira mafilimu m'Chichewa. Chilankhulo cha katuniyo sachidziwa ngakhale moni. Amangoyang'ana milomo ya anthuwo n'kuikamo zake, kenaka n'kumaonetsa m'chisakasa chake cha vidiyo kuseri kwa msika. Mawu ake ndi awa:

eee anthu anga muli ndi DJ Bwampini pompano pa Chinamwali taonani mfana uja wafika watulutsa nsupa yake ya kwa agogo ake ku Jali akuti tuluka Chidyamakala tuluka ndi uyo Chidyamakala watuluka maso ali psuu dzulo anagona kokachasu akuti bwana mwandidzutsiranji ine sindinadye ndimenya bwanji ndi njala koma poti mwanena ndinu ndiyesa eee wamenyedwa Chidyamakala wagwa moni kwa asisi a pa saluni wadzuka akuti sindinagwe ndimangoona ngati pansi pali bwino wamenyedwanso wadzukanso akuti bwana musalire ine kugwa ndinazolowera chimene sindinaphunzire ndi kugonera pomwepo

6.
Nsupa.

Liwulo linatuluka m'chisakasa, linadutsa pamjigo, linakwera kabaza, linakalowa mumsonkhano wa amayi wa Lachinayi. Pofika Lamulungu zinali zitakula motere:

kuholo ana akuphunzitsidwa kuweta ndondocha
mwana wa a Saizi akulankhula kutulo ndi chinthu chotchedwa Chidyamakala
makadiwo akawaika m'madzi samira
mnyamata wa digiri uja n'chifukwa chake salembedwa ntchito

Chomalizacho chinandipweteka, chifukwa chinali ndi umboni.

7.
Ndinapita kwa Sekani ndisanakumane ndi komiti. Ndinamupeza akukonza sipika ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinamufotokozera mwaulemu wa anthu ophunzira kuti katuni yake ikuipitsa dzina la masewera abwino, kuti yasandutsa chinthu chofuna nzeru kukhala chipwirikiti cha zidakwa ndi afiti, ndipo kuti tsopano ana akulandidwa holo chifukwa cha pakamwa pake. Ndinamupempha kuti aisiye, kapena angochotsamo nsupa.

Anandiyang'ana, mpeni uli kukamwa. Anati kabotolo ka m'chiuno kamene munthu amatulutsamo chinthu choti chikamumenyere nkhondo, m'Chichewa ali nako dzina limodzi lokha, ndipo ngati kuyunivesite anandiphunzitsa lina ndimubwereke.

Kenaka anandifunsa kuti, Pulofesa, ana akowo unawatola kuti?
Anabwera okha.
Anachokera pa mabenchi angawa, aise. Iwe umawapatsa manambala. Ine ndimawapatsa munthu.
Si munthu. Ndi khadi.
Ukamuuze Zione.

8.
Zione ali Fomu 3. Mayi ake amagulitsa makala pamsika, ndipo iye amabwera kuholo atasamba m'manja kawiri koma zikhadabo zikumuulula. Anyamata anayamba kumutcha Chidyamakala kuti alire. Sanalire. Anasinthanitsa makadi ake abwino atatu ndi khadi la Chidyamakala, lofooka kuposa onse m'bokosi, kanthu konga kanyimbi wonenepa wa maso atulo. Kuyambira pamenepo palibe amene wamugonjetsa. Ngakhale ine.

Ndili ndi kafotokozedwe kake. Mdani akaona nkhope yopusayo amapeputsa, amatulutsa zilombo zake zamphamvu msanga, ndipo Zione amakhala atamutchera kale ndi makadi ena. Ndinamujambulira zonsezi pa bolodi, mivi ndi mizere. Iye anati ayi, nkhani ndi yakuti Chidyamakala amayesa ngakhale sanadye.

Asanaponye khadilo amaligogoda ndi chala n'kunong'oneza kuti, dzukani amalume.

Ndi masamu basi, Zione.
Eya, achimwene.

Amayankha choncho ngati mmene munthu amayankhira wodwala.

9.
Tibwerere kukomiti. Bambo Mkwezalamba, mlembi, anali atagwira khadi limodzi ndi mpango, pakona, ngati khoswe wakufa. Ine ndinaimirira n'kulankhula ngati loya. Ndinati katuni ija ndi mdani wanga kuposa mmene ilili mdani wawo. Ndinati ndi yabodza, yaphokoso, yopangidwa kuti ana a kunja azivutitsa makolo awo m'masitolo, ndipo pofika kuno yadutsanso m'kamwa mosatsuka. Ndinati masewera enieni alibe nsupa, alibe misozi, alibe kukuwa. Ndi bawo wovala jekete. Ndinatchula ana amene masamu awo akwera kusukulu. Ndinawaonetsa kuti khadi likaikidwa m'madzi limanyowa ngati pepala lina lililonse, ndipo tinataya khadi limodzi labwino m'kapu ya a Mkwezalamba chifukwa cha sayansi.

Mayi Kalilangwe anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anavula magalasi.

Mwalankhula bwino, a Mzati. Ndiye ndi masamu basi?
Basi, mayi.
Nanga nkhopezi ndi za chiyani?

Ndimakonda msampha wotcheredwa bwino, ngakhale wokodwayo ndikhale ine. Ndikanati nkhope zili ndi ntchito, ndiye kuti si masamu basi, makiyi apita. Ndikanati zilibe ntchito, mayiwa anali atadikira kale kutsogoloko. Ndinaona njira ziwirizo bwinobwino, ndipo ndinasankha ya makiyi.

Zilibe ntchito, mayi.
Zichotseni. Mukatero holo ndi yanu.

10.
Makiyi ndinatuluka nawo.

11.
Lachisanu m'mawa iwe Mzati ukugula mapepala a khaki okutira makope ndi botolo la guluu. Makadi onse ali m'bokosi limodzi m'kabati ya kuholo, ako ndi a ana omwe, chifukwa kunyumba makolo anayamba kuwakolezera mbaula. Sufunsa munthu. Kufunsa kumabala zokambirana, ndipo zokambirana zimabala kuluza holo. Ukudula khaki timakona tofanana, ndi rula, pakuti ndiwe munthu wadongosolo. Ukupaka guluu. Ukumata. Ukulemba ndi zilembo zooneka bwino:

Madzi, 70
Chitsulo, 90
Mtengo, 40
Madzi, 50

ndipo ntchito ikuyenda ndipo ukuimba kamluzu ndipo ukudziuza kuti tsopano masewerawa ayera asiyana ndi katuni asiyana ndi Sekani asiyana ndi amayi a Lachinayi atsala okhaokha mmene unkafunira kuyambira kale mafupa oyera a nzeru popanda mnofu wonunkha ndipo mapiko akulowa pansi pa khaki nyanga zikulowa michira ikulowa mano akulowa mpaka dzanja lako latola kanyimbi wonenepa wa maso atulo amene akukuyang'ana ngati akufuna kukuuza kuti sanadye

Moto, 10.

12.
Loweruka Mayi Kalilangwe anabwera kudzayendera. Anatembenuza makadi angapo, anagwedeza mutu, anati manja anga ndi a mphunzitsi. Anakhala kumbuyo ndi zoluka zawo.

Ana analowa. Ndinawauza kuti tapambana, holo ndi yathu, kungoti pali kusintha pang'ono. Ndinatsegula bokosi.

Ana anasuzumiramo mmodzimmodzi.

Anasewera. Ndinene zoona, sindinaonepo masewera olongosoka chotero. Palibe anaponya khadi chifukwa cholikonda. Palibe anakuwa dzina la chilombo. Makumi asanu ndi awiri ankagonjetsa makumi asanu, ndipo wogonjayo ankavomera ngati munthu wolandira risiti. Mphepo ikatembenuka tinkamva sipika ya Sekani kuchokera kumsika, Chidyamakala akugwa n'kudzuka.

Mwana wa a Saizi anapempha kupita kuchimbudzi. Anatsatira wina. Kenaka awiri pamodzi. Chimbudzi cha kuholo chili kumadzulo, koma onse ankakhotera kummawa, kumene kuli msika.

Ndi masamu basi. Ndinawerenga otsala.

13.
Zione sanasewere. Anakhala pabokosi n'kumatembenuza makadi chammbuyo, limodzi limodzi, mpaka anapeza lokhala ndi chidindo chakuda cha chala chake. Analitembenuza. Moto, 10. Analigogoda ndi chala. Sananong'oneze kanthu.

Anabwera pamene ndinaima, ndipo analankhula motsitsa kuti Mayi Kalilangwe asamve, koma m'holo yopanda phokoso chilichonse chimamveka.

Ndiye munawauza kuti sizamoyo?
Sizamoyo, Zione.
Sizimva?
Sizimva.
Munthu akaziitana ndi dzina?
Ndi makadi. Ndi

Analowetsa chikhadabo chake chakuda pansi pa khaki n'kukoka pang'onopang'ono. Guluu ndinagula wabwino, sindichita zinthu mwachibwana. Khaki inatuluka pamodzi ndi maso, mphuno ndi theka la mimba. Pakhadi panatsala poyera, paubweya ngati pamene pachoka chilonda, ndi kaphazi kamodzi pansi.

Singano za Mayi Kalilangwe zinaima.

Ndinatulutsa makiyi m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake, n'kumuonetsa. Ndinati tamvera Zione, akanatilanda holo, panalibe njira ina, ndinawerengera zonse, tapambana.

Anayang'ana makiyi. Anayang'ana mabenchi. Anaika nkhope ija m'dzanja langa, pamwamba pa makiyiwo, khaki ili pansi, maso atulo ali m'mwamba.

Mwagonjetsa ndani, achimwene?