Waya wa Kuchipinda kwa Apongozi

Tryphena anali kusita shati ya mwamuna wake pabalaza pamene chithunzi cha pa tivi chinayamba kudumpha. Wowerenga nkhani anazimiririka mawu ali m'kamwa. Panabwera azungu othamangitsa akavalo, kenako mayi wokazinga mazira, kenako nsomba za m'nyanja yamchere. Poyamba sanalabadire, chifukwa apongozi ake aamuna, a Zimba, ankatero akamafunafuna choonera. Koma mpira nawonso unadutsa, mpira umene a Zimba sankaulumpha ngakhale utakhala wobwereza. Matchanelo anatha, n'kuyambiranso poyamba.

Anaimika simbi chilili, kolala ikununkha kale kupsa.

Dishi ya tivi inabwera pakhomopo mu 1997, chaka chimene fodya wa a Zimba ku Mphamba anagulidwa bwino. Inaima kuseri kwa nyumba ngati lichero lalikulu lopempha mvula, ndipo anthu a pa boma la Lundazi ankaima pampanda kuti aione. Mmisiri wa ku Chipata, Haswell, anakwera m'denga n'kugawa waya: wina pabalaza, wina kuchipinda kwa Tryphena ndi mwamuna wake Watipaso. Koma dikoda, kabokosi kosankhira matchanelo, inakhala kuchipinda kwa a Zimba, popeza matenda a shuga anali atawatupitsa miyendo ndipo sankatulukatuluka.

"Kabokosi ni kamozi chabe," anatero Haswell tsiku limenelo, akusasa fumbi m'tsitsi. "Chamene asankha amdala, ndiye chamene muzaonela nyumba yonse. Osaniitana ati tivi yafuntha."

"Ndiye kuti tizakalamba na nkhonya za azungu," anayankha Watipaso, onse n'kuseka.

Umo ndi mmene Tryphena anawadziwira apongozi ake. Nkhope yawo anali asanaiyang'anepo. Alangizi a kwawo ku Chikomeni anamuuza mosapita m'mbali asanalowe m'banja: mkamwana, mkazi wa mwana wa mwini nyumba, salowa kuchipinda kwa apongozi aamuna, sadya nawo, sawakhudza, ndipo akakumana nawo amagwada n'kuyang'ana pansi. Iye ankadziwa nkhwaira zawo, chifuwa chawo chouma, ndi zimene ankakonda pa tivi. M'mawa nkhani, masana mpira, madzulo nkhonya. Lamlungu kunkakhala makwaya a kumwera, amayi ovala zoyera akugwedezeka pamodzi ngati mapira pamphepo, koma a Zimba ankangowadutsa popita ku mpira. Tryphena ankagwira mzere umodzi wa nyimbo n'kumaung'ung'udza sabata yonse pabalaza, pafupi ndi kabowo kamene Haswell anaboola pakhoma la chipinda cha a Zimba polowetsa waya. Anakaboola mokulitsa, ndipo sanabwerenso kudzakamata.

Tsikuli panyumba panalibe wina. Watipaso ndi amayi ake, a NyaMtonga, analawirira kumaliro ku Kapichila.

"Jakisoni nawalasa kale," anatero a NyaMtonga pokwera galimoto. "Chakudya uike pampando pakhomo pawo, ugogode, uchokepo. Wamva, mkamwana?"

"Enya, amama."

Anachita momwemo. Tsopano anayenda mwakachetechete kulowera m'kanjira ka kuchipinda. Mbale zinali pomwe anazisiya, zovindikira, nyerere zitapanga kale mzere pamwendo wa mpando. Munthu wolasidwa jakisoni wa shuga, osadya.

Anagwada patali ndi chitseko.

"Odi, adada?"

M'katimo munkangomveka tivi, mawu odukaduka, ofanana ndi a pabalaza, ngati anthu awiri amisala akutsanzirana.

"Adada, chakudya chazizila."

Palibe anatsokomola.

Anathamangira panja osavala nsapato. Mchenga wa mwezi wa Okutobala unamuwotcha kumapazi. Kwa a Bwezani, oyandikana nawo, kunali loko. Womwalirayo anali wa mpingo wawo, ndipo mzere wonse wa nyumba unali utapita. Anafuula pampanda wina, galu yekha ndiye anadzutsa mutu. Msewu unali mbuu, wopanda ngakhale njinga. Kuchipatala kunali kutali kwa munthu wapansi, ndipo anakumbukira zimene nesi anauza a NyaMtonga iye atanyamula dengu pambali: shuga akatsika, musathamangire kuno, thamangirani kukhitchini. Akakomoka, apakeni shuga m'nkhama.

M'nkhama. Ndi chala.

Anatenga chitini cha shuga pashelefu. Chivindikiro chinagwa n'kugudubuzika mpaka pansi pa kabati, iye sanachitole. Atafika pachitseko chija anaima.

Nanga ngati angogona? Kunja kukutentha chonchi, munthu wamkulu amagona atavula. Mwina angotsamira rimoti ali m'tulo. Atsegula maso n'kupeza mkazi wa mwana wawo ataima pamutu pawo, akazi awo ali kumaliro. Anaiona nkhaniyo ikuyenda: pampopi, pamsika, m'basi ya ku Chikomeni, mpaka pakhonde la amayi ake. Anaona sutikesi yake itamangidwa pa njinga. Palibe akanafunsa za shuga. Akanangofunsa kuti analowamo kudzatani.

Nanga ngati afa kale, iye n'kupezeka yekha ndi mtembo, manja ali mbuu ndi zinthu zoyera?

Pabalaza akavalo anadutsanso. Mazira. Nsomba. Mpira.

"Adada, nilowa," anatero. "Munikhululukile. Nilowa."

Chitseko chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka ndi fodya wakale. Pabedi panalibe munthu. A Zimba anali pansi, pakati pa bedi ndi khoma, atagona chammbali, atavala vesiti ndi kabudula. Rimoti inali itapanikizika kunsi kwa nthiti zawo, kakuwala kofiira pa dikoda kakuphethira osaleka. Thukuta linali litanyowetsa simenti.

Anagwada. Chitini chinapendekeka, shuga n'kutayika pansi. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana nkhope ija. Inali yaing'ono kuposa mawu ake, yotuwa, ndipo makutu anali a Watipaso enieni. Chifuwa chinkakwera pang'ono kwambiri, koma chinkakwera.

Ananyowetsa chala m'kapu ya madzi imene inali patebulo, anachiviika m'shuga, natukula mlomo wa apongozi ake. Nkhama zinali zozizira. Anapaka. Anaviikanso, anapakanso, m'masaya monse, akulankhula zimene iye mwini sankazimva.

"Adada, ukani. Chonde ukani. Amama azabwela manjemanje. Watipaso azati chani? Ukani, adada, mpila wayamba."

Panalibe chinasintha. Misozi inagwera pa vesiti. Anapitiriza kupaka mpaka chala chinachita dzanzi, akumvetsera ngati kunja kungamveke galimoto, osadziwa ngati akuifuna kapena akuiopa.

Kenako lilime linasuntha. Linanyambita mlomo. Zikope zinagwedera, maso n'kutseguka, osaona kanthu poyamba.

"NyaMtonga?"

"Yayi, adada." Anayang'ana pansi. "Ndine."

Anamva mpweya wawo ukukhazikika. Dzanja lawo linapapasa pabedi, linakoka nsalu n'kufunda maondo. Tryphena anasungunula shuga wina m'kapu muja, anaiika pafupi ndi dzanjalo, ndipo pobwerera anasolola rimoti kunsi kwa nthiti zawo. Chithunzi chinaima pa nsomba. Nyumba yonse inakhala ngati yapuma.

"Mbale," anatero a Zimba motsitsa.

Anawabweretsera, akupukuta nyerere ndi chitenje. Kenako anatuluka chafutambuyo, anakagwada panja pa chitseko atayang'ana khoma, n'kumamvetsera mpaka anamva chala chikukokota mbale.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Tryphena anali pabalaza, shati ija ili m'manja, itapsa pakolala. A NyaMtonga analunjika kuchipinda asanavule ndi duku lomwe. Mawu awo anatulukira pa kabowo ka waya, omveka bwino ngati ali pomwepo.

"Shuga uyu wachita bwanji pansi? Nanga phazi ili m'shugamu n'la ndani?"

Tryphena anayang'ana mapazi ake. Pakati pa zala panali timibulu toyera.

"Ndafunsa, a Zimba. Walowa muno ndani?"

"Munthu amene wanipeza pansi," anayankha a Zimba. "Sembe sanalowe, mukanachoka kumalilo n'kufikila pamalilo."

"Mkamwana? Muno? Imwe muli chonchi?"

"Sesa, NyaMtonga. Nyelele zibwela."

Tsache linamveka likukwecha simenti, nthawi yaitali kuposa imene shuga wotayika amafuna. A NyaMtonga atatuluka, anaima pakhomo la pabalaza, chitini chili m'manja. Tryphena anagwada. Anadikira mawu oti apakire katundu. Mayiwo anamuyang'ana kumapazi, kenako kumanja.

"Chivindikilo chili kuti?"

"Pansi pa kabati, amama."

"Kachitole."

A NyaMtonga sanaitchulenso nkhaniyo, tsiku limenelo kapena lotsatira. Watipaso anafunsa za kolala yopsa, nayankhidwa kuti simbi inatentha kwambiri. Tryphena ankagona khutu lili kumsewu. Aliyense wogogoda pageti ankaoneka ngati mthenga wa ku Chikomeni.

Lamlungu atabwera kutchalitchi, Watipaso anadziponya pampando, nsapato n'kuzikankhira uko. Chithunzi chinayamba ulendo wake wa masiku onse: nkhani, akavalo, mazira. Chinafika pa amayi ovala zoyera aja, n'kuima.

Chinakhala pomwepo. Nyimbo inatha, ina inayamba.

Tryphena anasiya mtedza umene ankasenda. Anayang'ana kukhitchini, kumene kunali chitini cha shuga.

"Adada agona kansi?" anadandaula Watipaso. "Mpila wayamba kale! Adada! Mwatiika m'tchalitchi kawili lelo?"

Pa kabowo ka waya panatuluka chifuwa chouma chija, kenako mawu, olunjika kwa mwana wawo monga mwa mwambo.

"Watipaso, khala chete. M'nyumba muno muli wina amene amaimba nyimbo izi, koma amangodziwa mzele umozi."

Watipaso anacheuka kuyang'ana mkazi wake. Tryphena anaweramira m'lichero. Anatola mtedza wina n'kuuswa. Pa tivi amayi aja anakweza manja, ndipo mzere wachiwiri utafika, iye anautsatira chapansipansi, atatembenukira pang'ono kukhoma.