Aliyense Wapeza 25.00

Magulu asanu ndi awiri a m'kalasi langa la kemisitiri anabweretsa yankho limodzi: 25.00. Gulu lachisanu ndi chitatu, lomwe linali mtsikana mmodzi chifukwa anzake anamuthawa, linabweretsa 21.37.

Ntchitoyo inali yosavuta. Umathira asidi mu biyureti, kachubu kagalasi kolembedwa manambala, n'kumadonthezera m'botolo la madzi apinki mpaka pinkiyo itazimirira. Ukatero uwerenge asidi amene watha, ubwereze katatu, upeze avereji. Wochita bwino kuposa onse ndiye amakaimira sukulu ku mpikisano wa sayansi, ndipo mtsikanayu, yemwe anzake amamutcha Mafunso, anali atakonzekera teremu yonse.

M'kope langa munalinso 25.00, choncho ndinamukhwatcha ndi cholembera chofiira iye ali pomwepo.

"Aphunzitsi, mwamuyesapo asidiyu inuyo?"

"Ndili ndi digiri, Mafunso."

"Ndimafunsa za asidi, aphunzitsi."

Pa nthawi yopuma ndinakhala pansi kuti ndisankhe wopambana pakati pa olondola aja. Ndipamene mtima unayamba kundiuza zina. Gulu loyamba: 25.00, 25.00, 25.00. Lachiwiri chimodzimodzi. Miyeso makumi awiri ndi umodzi, osasiyana ndi dontho lomwe. Awa ndi ana amene amaswa botolo sabata iliyonse, ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti biyureti amayamba kuwerenga kumwamba. Pamzere wolemba kuti muyeso ungaphonye ndi zingati, onse analemba ziro. Ngakhale mayi anga, amene athira mchere m'ndiwo zaka makumi atatu, sangalumbire choncho.

Pepala la Mafunso linali lonyowa pakona. Analemba 21.30, 21.45, 21.35. Avereji 21.37, kuonjeza kapena kuchotsa 0.08. Manambala osaoneka bwino, koma ooneka kuti anadutsa m'manja mwa munthu.

Ndinapita kukachipinda kosungira mankhwala. Mayi osamalira labu anali kutsuka mabotolo, ndipo sanatembenuke.

"Mayi, ana awa analowa m'kabati mwanga?"

"Akatengemo chiyani, achimwene?"

"Yankho. Onse apeza 25.00."

"Nambala imeneyo ndi yakale kuposa inu pasukulu pano. Aphunzitsi amene munalowa m'malo mwawo anaipeza kamodzi, ana akhala akusiyirana ngati yunifomu. Inunso kope lija si munachita kusiyiridwa?"



"Asidi wakale anatha," anapitiriza. "Ndinasakaniza wina Lolemba, wamphamvuko pang'ono. Ndinalemba pabotolo."

Analidi atalemba, ndi zilembo zazikulu ngati za pa basi. Botololo ndinali nditalinyamula ndekha m'mawa kupita nalo m'kalasi, chala changa chili pa chizindikirocho.

"Ndiye munaona ana akungowononga asidi osanena kanthu?" ndinafunsa.

"Ndinaona ana akutsegula kampopi ka biyureti n'kutseka pa 25, madzi atayera kalekale. Ndinkati mwina ndi sayansi yatsopano ya kuyunivesite."

Ndinavala magalasi, ndinadzaza biyureti, ndinadontheza. Pinki inazimirira pa 21.40. Ndinaiyang'anitsitsa nthawi yaitali ngati ingasinthe maganizo.

M'mawa mwake ndinalemba 25.00 pa bolodi, n'kufunsa amene anaipeza. Manja anakwera onyada. Ndinaitana wamkulu wa kalasi kuti atiwonetse mmene anachitira, koma ulendo uno ndinamata pepala pa manambala a biyureti mpaka atatseka kampopi. Titamatula, panali 21.60. Manja aja anatsika okha, limodzilimodzi.

"Mafunso, ukupita ku mpikisano," ndinatero. "Ndayesa ndekha dzulo. Ndapeza 21.40."

Ndinkayembekezera kumwetulira, mwina zikomo. Iye anayang'ana mzere wofiira uja pa pepala lake, kenako ine.

"Mwayesa kangati, aphunzitsi?"

"Kamodzi."

Anandipatsa biyureti yake.

"Kwatsala kawiri."