Kamzere Kobisika Pansi pa Tipekisi

Mayi wina analowa mu labu Lachitatu masana osagogoda. Anali mu yunifolomu ya osamalira okalamba, baji ya pachifuwa yolembedwa kuti Cynthia. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Mwayiwathu, maso ali pa kompyuta.

Mwayiwathu anali atatha zaka zitatu pa yunivesite akufufuza mmene ufa wa maginiziyamu wosakaniza ndi nikelo umamwera mpweya wa haidrojeni. Ufawo ankautenthetsa, kuuziziritsa, kenako n'kuuwomba ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa manyutroni, ndipo kubalalika kwake kunkajambula mizere yoonetsa malo amene mpweyawo wabisala m'chitsulomo. Mizere yonse inkagwirizana ndi mabuku, kupatula kamzere kamodzi.

"Ndi litsiro chabe," Dr Rogers, womuyang'anira, anali atamuuza m'mawa. "Ukafufute. Apo ayi, Lachisanu sindisayina lipoti lako."

Koma Mwayiwathu anali ndi chinsinsi. Mu laibulale anapeza lipoti la 1988 la wina wotchedwa E. Chiye, lopakidwa tipekisi, utoto woyera wofufutira zolembedwa, pamalo omwewo. Atayang'anitsa tsambalo padzuwa, kamzere kaja kanaonekera. Anafunsa za dzinalo kutchalitchi cha anthu akwawo ku Lewisham, onse n'kupukusa mutu.

"Ufawu unauziziritsa pang'onopang'ono, eti mwanangu?" mayiyo anafunsa m'Chichewa.

Mwayiwathu anadzidzimuka. "Eee, mayi. Tsiku lonse lathunthu. Mwadziwa bwanji?"

"Ukathamanga kamzereka sikatuluka. Azibambo awa amaziziritsa ngati akuthamangira basi ya ku Woolwich." Analoza kamzereko ndi chala chosuwa ndi sopo. "Ndiye ufufuta?"

"Ndikapanda kutero, digiri yanga yapita."

"Wina anafufuta. Digiri anampatsa. Kuchokera tsikulo manyazi sanamulole kulowanso mu labu."

Mwayiwathu anatembenukira ku kompyuta. Kenako anadina batani, pulinta n'kuyamba kulavula mapepala, kamzereko kali pomwepo. Chitseko chinatseguka, Dr Rogers n'kusuzumira.

"Wachotsa?"

"Ayi. Sindichotsa. Ngati ndi litsiro, tibwereze limodzi, tiziziritse tsiku lonse. Mukakana kusayina, ndipita nalo kwa akulu a dipatimenti."

Dr Rogers anafiira nkhope. Anatembenukira kwa mlendoyo. "Nanga inu ndinu ndani muno?"

Mayiyo anamasula baji n'kuiika pa tebulo mofatsa.

"Cynthia ndi la kuntchito. Muno munkandidziwa ndi lina, nthawi imene ine ndi inu tinkagawana benchi iyi. Ndine Etta Chiye."