Kaseti ya Che Sidik pa Mlatho wa Liwonde

Che Sidik a ku Ntaja anasunga nkhani ya mng'ono wawo Uladi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osaiuza munthu. Uladi anatengedwa mu 1965 pomunena kuti ankaperekera chakudya anthu oukira boma amene ankabisala kutchire. Kuyambira pamenepo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo, ngakhale pa sadaka yokumbukira akufa. Mmene anathera ndi pamene mafupa ake agona ankadziwa ndi Che Sidik okha.

Matenda atawapanikiza, m'chaka cha chilala cha 1992, anaitanitsa mwana wawo Kulusumu kuchokera ku Phalula, kumene ankagulitsa nsomba zouma m'mbali mwa msewu. Anamuuza kuti abwere ndi wailesi yake ya kaseti.

"Ikamo kaseti yatsopano," anatero. "Iwe ukakhale pakhonde uziswa mtedza. Wina akamabwera, utsokomole."

"Ndimve nawo, Ababa."

"Iyayi. Ukamvera kwanu pamodzi ndi ana ako. Kuno wosadziwa kanthu ndiye amagona bwino."

Analankhula pafupifupi theka la ola motsitsa mawu, ndipo Kulusumu pakhonde paja ankangomva chifuwa chawo. Patapita masiku anayi anamwalira. Nyumba inadzaza anamalira sabata yonse, moti mpata womvera kasetiyo sunapezeke. Kulusumu anaibweza poyambira, n'kuisiya momwemo mu wailesi, n'kukulunga zonse m'chitenje.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pobwerera ku Phalula, basi itafika pa mlatho wa Liwonde apolisi anaiimitsa, n'kulamula kuti aliyense atsike ndi katundu wake. Masiku amenewo makalata odzudzula boma anali atayamba kuyenda mobisa, ndiye apolisi ankapisa dzanja paliponse, m'zikwama, m'matumba a ufa, ngakhale m'matewera a ana. Anthu anandanda padzuwa, Kulusumu ali chakumapeto.

Kutsogolo kunali bambo wina wa jekete, wooneka ngati mphunzitsi. Anamupeza ndi makaseti atatu. Wapolisi anaika imodzi mu wailesi imene inali patebulo, munatuluka nyimbo. Anaika yachiwiri, munatuluka mawu a munthu akulankhula. Sanadikire n'komwe kuti amve bwino. Khofi linalira, jekete inakokedwa, bambo uja anakankhidwira m'galimoto ya apolisi nsapato imodzi itatsala pansi. Pamzere wonse panalibe amene anayang'ana nsapatoyo.

Kulusumu anakumbatira chitenje chija pamimba. Sankadziwa zimene zinali mu kaseti yake, koma ankaganiza kuti munali dzina la Uladi, dzina la mudzi, mwinanso maina a amene anamutenga. Anaganiza za Rukiya ndi Sadiki, ana ake, amene anawasiya ndi mnansi. Shire anali pomwepo, koma kuponya chinthu m'madzi apolisi akuona kunali kudzipereka yekha. Kubisa m'thupi sikukanathandiza, poti wapolisi wamkazi ankasecha amayi mmodzimmodzi.

Ndipamene anakumbukira batani lofiira. Ukalidina, wailesi imakhala chete, n'kumafufuta zakale kwinaku ikujambula zatsopano. Anapisa dzanja m'chitenje, chala chinalipeza. Anazengereza. Amenewa anali mawu a bambo ake, otsala okhawo padziko. Mzere unasuntha, munthu wina anatsegula sutikesi, ndipo mantha anamupambana. Anatsokomola kuti abise phokoso, n'kudina.

Anaimva wailesi ikunjenjemera pang'onopang'ono pamimba pake. Ankafuna kulira, komanso ankapempha kuti mzere uchedwe, kaseti ifufutike yonse asanafike patebulo. Munthu kupempherera kuti mawu a bambo ake athe msanga! Mzerewo unachedwadi. Apolisi anakhuthula thumba la makaka a mayi wina, anakangana ndi kondakitala, anawerenga kalata ya mtsikana wasukulu mpaka kumapeto akuseka.

Wapolisi amene anamufikira anali wachinyamata, thukuta lili kamukamu.

"Muli chiyani umu, mayi?"

"Wailesi, bwana."

"Mukuchokera kuti?"

"Ku Ntaja. Kumaliro a bambo anga."

Mnyamatayo anamuyang'ana m'maso, amene anali ofiira ndi kulira kwa sabata. Chitenje sanachikhudze.

"Pepani, mayi. Pitani mukakwere."

Anakwera basi. Atakhala pampando ndi pamene anazimitsa wailesi ija. Njira yonse mpaka ku Balaka, ndi m'basi ina yopita ku Phalula, ankadzilimbitsa mtima kuti mwina mabatire anali ofooka, mwina sanadine bwino, mwina mzere sunachedwe monga iye ankaganizira.

Anafika dzuwa lisanalowe. Sanavule ndi nsapato zomwe. Anaitana ana awiri aja, n'kutseka chitseko ndi zenera.

"Agogo anu anakusiyirani mawu," anatero. "Mumve, koma musakanene kusukulu."

Anabweza kaseti, n'kuyatsa. Munamveka injini ya basi ikulira chapatali, khanda likulira, munthu akutsatsa nthochi. Chapafupi kwambiri munamveka kupuma kwa Kulusumu mwini, ndi kunong'ona kwake potchula dzina la Mulungu. Anawo anayang'anana. Zinapitirira choncho nthawi yaitali, mpaka mawu aulemu aja: pepani, mayi, pitani mukakwere. Kenaka phokoso linaduka, ndipo Che Sidik anatulukira, mawu awo otopa koma omveka bwino.

"...pansi pa mtengo umenewo ndi pamene ndinamuika ndi manja angawa. Tsopano mwadziwa. Muzipita kukamuwerengera mapemphero a duwa, musamusiye yekha monga ndinachitira ine."

Anatsokomola kawiri, kaseti n'kukhala chete.

"Mtengo wake uti, amayi?" anafunsa Rukiya.

Kulusumu anabwezanso kaseti pang'ono, n'kusendeza khutu pafupi.